Mbumba ya ku Harare: katundu wa ulendo wa ku Salima

Amalume (Mufakose): Mwaswera bwanji nonse. Matikiti a basi ndagula lero ku Roadport, akulu 7 ndi ana 4. Tinyamuka pa 19 Disembala m'mamawa, kudzera Nyamapanda, Tete, kukatulukira pa Dedza mpaka Lilongwe. Aliyense chikwama chachikulu chimodzi ndi kachikwama ka m'manja. Wopyola pamenepo adzalipira yekha.

Mayi Aakulu (Mbare): Zikomo achimwene, mwagwira ntchito. Ine chikwama changa cha changani chatsala pang'ono kudzadza. Mabulangete awiri, majuzi a ana, Mazoe mabotolo anayi, shuga, sopo, ndi ufa pang'ono.

Nabanda (namwino): Mayi, pepani, mabulangetewo atsale. Kumene tikupitako si kuno.

Mayi Aakulu (Mbare): Nanga si nthawi ya mvula? Kuno ikagwa usiku timafunda.

Nabanda (namwino): Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Salima ndi kuchigwa, mamita 500 okha. Mvula ikagwa kumeneko nthaka imatulutsa chifundizi, munthu umagona ukutuluka thukuta ngakhale wafunda chitenje chokha. Malo a mabulangetewo muikepo maneti. Ndikupempha banja lililonse ligule neti yake yonyikidwa kale m'mankhwala, ndi chingwe chomangira.

Achimwene a ku Salima: Achemwali akunena zoona. Dzulo ife tagona chitseko chili pululu mpaka pakati pa usiku. Maneti kuno tili nawo atatu, imodzi ndi ya agogo, ina inabooka. Anthu 11 sangakwane.

Mayi Aakulu (Mbare): Bulangete limodzi ndi la amayi anga, ndinawagulira kale mu Julaye. Limenelo lipita basi.

Nabanda (namwino): Limenelo lipite, adzafunda nthawi ya mwera. Juzi imodzi aliyense ikhale m'kachikwama ka m'manja chifukwa pa Dedza pamazizira tikafikapo kutada. Imodzi yokha.

Amalume (Mufakose): Ife tinakulira komweko, malungo tinkadwala n'kudzuka. Musaopseze ana, adzayesa kwawo ndi kuchipatala.

Nabanda (namwino): Amalume, ndiloleni ndinene bwinobwino, chifukwa nkhani imeneyi imandisowetsa tulo. Inu munakula mukulumidwa ndi udzudzu chaka ndi chaka, thupi linazolowera kulimbana nawo. Koma mphamvu imeneyo imatha munthu akakhalitsa kopanda malungo, ndipo inu mwakhala ku Mufakose zaka zoposa 30. Anawa ndiye alibiretu, anabadwira muno mu Harare momwe malungo ndi osowa. Mwana wotere akagwidwa, matenda amathamanga, masiku awiri atatu wafooka kale. Mukukumbukira mwana wanga wamkulu titabwerako ulendo watha uja? Tinafika kuno ali bwinobwino, akusewera mpira. Patatha sabata anayamba kutentha thupi, ine ndemwe namwino n'kumati ndi chimfine cha kusintha kwa mphepo. Tsiku lachitatu anayamba kusanza ndi kubwebweta. Anagonekedwa masiku asanu. Sindikufuna wina aliyense pagulu lino adzaone zimene ndinaona usiku umene uja.

Amalume (Mufakose): Ndikukumbukira, mwana wa mlongo wanga. Ndamva. Tiuze chochita.

Nabanda (namwino): Sabata ino aliyense apite kukiliniki kapena kwa dokotala akanene kuti akupita kunyanja ku Malawi, akafunse za mankhwala oteteza ku malungo. Amayamba kumwedwa usananyamuke ndipo umapitiriza ukabwerako, choncho musadikire pa 18. Ana muwatenge akakwere sikelo, muyeso wawo umatsata kulemera. Musagawane mapiritsi a akulu ayi. Mugulenso mafuta opaka othamangitsa udzudzu, ndipo ana akhale ndi zovala zopepuka za manja aatali zovala dzuwa likamalowa. Wina akatentha thupi tili komweko, tsiku lomwelo kukayezetsa, amangobaya chala n'kudikira mphindi zochepa. Mankhwala ochiza malungo amene kuno timati Coartem kumeneko amati LA, musadabwe. Ndipo tikabwerako, mwezi wonse wa Januwale, mwana akangotentha muuze adokotala kumene tinali asanafunse n'komwe.

Bambo a Tadala (Epworth): Alamu, nanga amake Tadala? Mukudziwa mmene alili, pofika nthawi imeneyo idzakhala miyezi 6.

Make Tadala: Ine mtima wanga uli pa agogo. Sindinawaone chikwatiwire. Akandifunsa pafoni amati ubwera liti, ine n'kumati Khirisimasi.

Nabanda (namwino): Mng'ono wanga, ndikanakhala ine ndikanatsala. Malungo amavuta kwambiri kwa mayi woyembekezera, amachepetsa magazi ndipo mwana amatha kubadwa wochepa thupi kapena masiku asanakwane. Kuwonjezera apo kukhala pampando tsiku lathunthu, ndi kutentha kwa ku Tete kuja. Koma kafunse kusikelo Lachinayi, umve kwa amene akukuona.

Mayi Aakulu (Mbare): Mwanawe, amayi anga anabereka ana 8, akumvetsa. Ndikawauza ndine. Udzapita nthawi yokolola mwana ali kumbuyo, adzamulandira ndi nthungululu.

Make Tadala: Ndikafunsa Lachinayi. Ndikatsala, chitenje chimene ndinawasungira mukawapatse m'manja, musakangochisiya pamphasa. Tadala yekha apite ndi bambo ake.

Amalume (Mufakose): Zikatero, bambo a Tadala, mufunika kalata yolumbira ya mayi wake yovomereza kuti mwana atuluke nanu, yodindidwa ndi Commissioner of Oaths, pamodzi ndi satifiketi ya kubadwa. Zipata tidutsa ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi maofesi a mayiko awiri, ndiye mapepala akhale pamwamba. Nonse tsegulani mapasipoti anu usiku uno muone tsiku lothera, pakhale patatsala miyezi 6 kapena kuposa. Viza sitifuna, tonse ndife a SADC.

Bambo a Tadala (Epworth): Ndamva amalume, ndikonza mawa.

Chikondi (Dzivarasekwa): Ine ndalongedza kale zosambira 😍 Tikafika ku Senga Bay eti? Sindinaionepo nyanja chibadwire.

Achimwene a ku Salima: Tikafika mphwanga, pa 26. Ndi pafupi, makilomita 20 kuchokera pa boma. Koma ndikusankhirani malo ndine, pamchenga poyera pomwe pamagunda mafunde. Pamabango pomwe madzi adekha ndi pomwe pamakhala nkhono za likodzo, ndipo pamathiriro a mitsinje pamakhala ng'ona.

Nabanda (namwino): Ngakhale pamchengapo si kuti mwatetezeka kotheratu. Onse osamba adzayezetse mkodzo pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale asaone magazi. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwa tsiku limodzi. Chikondi, chipewa usaiwale.

Chikondi (Dzivarasekwa): Chilipo. Nanga chaja?

Achimwene a ku Salima: Masoketi ndi a mano atatu a makona ngati anu omwewo. Koma kumudzi kwa agogo magetsi sanafike, timatchajitsa pamsika. Power bank ndi tochi bwerani nazo. Layini mudzagula ya Airtel kapena TNM ku Lilongwe, amalembetsa ndi pasipoti.

Mayi Aakulu (Mbare): Nsapato zanga za tchalitchi ndatenga. Zina?

Achimwene a ku Salima: Mayi, kuchoka pamsewu wa tala kufika kumudzi ndi matope okhaokha, nthawi zina kabaza amakana. Nsapato zapulasitiki kapena majombo, za tchalitchizo mudzavalira pakhomo pa tchalitchi. Ambulera. Zovala zokhuthala ngati jinzi sizikuuma masiku ano, zimangonunkha chinyezi pachingwe. Ndipo ufa uja usiyeni, mudzangovutika nawo pachipata. Chimene ndikupempha ndi ichi: ino ndi nthawi yopalira, nkhokwe zayamba kupepuka. Anthu 11 kwa masabata awiri ndi chakudya chambiri. Tisonkhe ndalama ndigule matumba awiri a chimanga ndi mpunga musanafike, agogo asadzachite manyazi. Chichokereni Novembala 2023 pomwe kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse, zinthu sizinabwererenso pansi.

Amalume (Mufakose): Wanena bwino, ukanapanda kunena tikanakadya mbewu za eni. Wamkulu aliyense madola 20 kwa ine pofika Lamlungu, ine ndiwonjezera za mbuzi. Za m'thumba mutenge madola ang'onoang'ono osang'ambika. ZiG, ndalama yathu ya kuno ku Zimbabwe, ikathera pa Nyamapanda.

Nabanda (namwino): Chomaliza kwa ine ndi madzi. Kolera ya 2022 ndi 2023 inavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo imakonda nyengo ya mvula. Achimwene, mutigulire WaterGuard ndi mapaketi a Thanzi ORS. M'basi aliyense malita awiri a madzi, ndipo ana asagulirwe zomanga m'timapepala za pazenera. Mango ndiye adye mpaka akhute, koma otsuka.

Achimwene a ku Salima: Mango akungogwa okha kuseri kwa nyumba. Zinazo ndigula Loweruka.

Mayi Aakulu (Mbare): Ndatulutsa bulangete limodzi ndi ufa. Mpata wapezeka wa maneti atatu. Amayi nonse, zitenje ziwiri ziwiri, tikapita kukalambula kumanda kwa bambo pa 23. Chikondi, iwenso, thalauza pamenepo ayi.

Chikondi (Dzivarasekwa): Ndilibe chitenje mayi.

Make Tadala: Udzatenge changa cha buluu ukamabwera Lamlungu.

Amalume (Mufakose): Lamlungu tikaweruka kutchalitchi nonse kwathu ku Mufakose ndi zikwama zanu, ndabwereka sikelo. Nabanda, ubwere ndi neti imodzi uwaonetse ana kamangidwe kake.