Mabakiteriya a m'matumbo a mphutsi zoboola mitengo: nkhani ija yatheka

Masabata angapo apitawo ndinafunsa chifukwa chake mphutsi za kachilomboka koboola mitengo kotchedwa Anoplophora glabripennis zimene ndimalera pa chakudya chopanga mu labu zinkanditulutsira mabakiteriya ochepa kwambiri poyerekeza ndi zochotsedwa mu mtengo. Zikomo nonse amene munayankha.

Awiri mwa inu munati ndiwerenge kaye zimene zathiridwa m'chakudyacho. Munalasa. Munali sorbic acid ndi methylparaben, mankhwala oletsa chuku. Ine ndinkangoganiza za kuteteza chakudya, osadziwa kuti ndikusesanso m'mimba mwa mphutsizo. Ndinasamutsira gulu lina pa zidutswa za mtengo wa maple, womwe kachilomboka kamaukonda, ndipo patatha masabata 4 mbale zomeretserapo mabakiteriya a m'matumbo mwake zinayamba kumera mitundu yambiri, yoyera ndi yachikasu. Sizinafanane ndendende ndi zakutchire, komabe kusiyana kwake kunkaoneka ndi maso.

Cholakwa chachiwiri chinali changa ndithu. Ndinkasunga mbale pa madigiri 37, kutengera chizolowezi cha majeremusi a anthu. Nditatsitsa kufika pa 25 n'kudikira sabata yathunthu, tizamoyo tina tomera pang'onopang'ono tinatulukira.

Kwa amene adzayese: musatsuke mazira mopitirira. Mayi wa mphutsizi akamaikira, amasiya tizamoyo take pamalopo, kuphatikizapo fangasi wa mtundu wa Fusarium, ndipo mphutsi imatolera pomwepo. Koma mphutsi yeniyeniyo muiviike mu ethanol (spiriti wophera majeremusi) wa 70 peresenti musanaitumbule, apo ayi mudzameretsa zapakhungu n'kumati ndi zam'matumbo.