Ndilowere kuti mu bioinformatics?

Muli bwanji nonse akuluakulu? Ndili ndi digiri ya biology ndipo ndimagwira ntchito mu labotale ku Blantyre. Mtima wanga uli pa bioinformatics (kusanthula deta ya zamoyo pogwiritsa ntchito makompyuta), makamaka kusanthula ma genome (DNA yonse) a tizilombo ta typhoid tosamva mankhwala, koma polowera sindikupaona.

Ndinachita kosi ya pa intaneti ya H3ABioNet (gulu la akatswiri a bioinformatics mu Africa). Pa za makompyuta, Linux ndi chiyankhulo cholembera mapulogalamu cha R ndadziphunzitsa ndekha, chinzake cha Python ndiye ndikukwawa kumene. Ndafunsirapo ntchito m'mabungwe a kafukufuku koma yankho n'lomwelo: akufuna masitazi, apo ayi ndionetse zimene ndinapangapo pa GitHub (tsamba la pa intaneti losungirapo mapulogalamu).

Inu amene muli kale m'ntchitoyi, ndithamangire masitazi, kaya ku yunivesite ya Makerere ku Uganda kaya ku SANBI (bungwe la bioinformatics) ku Cape Town, kapena ndiyambe kaye ngati wothandizira kafukufuku? Nanga wopanda PhD amadzatsogolerako kafukufuku wakewake, kapena amangokhalira kusanthula deta ya anzake? Chonde ndiunikireni.