Ndiwerenge chiyani za mahatchi, abale?

Membala wobisa dzina: Abale, ndithandizeni. Chino ndi chaka changa chachitatu ku Johannesburg. Ndimagona ku Rosettenville chipinda chimodzi ndi mlamu wanga amene salipira lendi, magetsi akatha amangoti mawa. Kumudzi ku Mangochi akudikira ya feteleza, pomwe ganyu yanga ya m'maluwa inatha mu Ogasiti. Loweruka ndinalowa pa bwalo la mipikisano ya mahatchi la Turffontein, mahatchi akudutsa nthaka kuchita kunjenjemera, mtima n'kundiuza kuti mwayi wanga uli pamenepa. Pali buku kapena nyuzi yoti ndiwerenge? Musandinyoze chonde.

A Banda: Mwayi wake uti? IMENEYO NDI JUGA! Ine ndinataya malipiro a miyezi iwiri pa mpikisano wa Summer Cup, Novembala wina. Mayi a kunyumba ananyamula ana kubwerera ku Dedza. Bwalo limenelo lilipo kuyambira 1887, inu mukuti mukalipusitsa ndi buku?

Nachisale: Achimwene, simunanene. Mukufuna ntchito yosamalira mahatchi kapena kubetcha? Nanga Chingerezi mumawerenga?

Che Yusufu: Ine ndimagwira m'khola la mahatchi cha ku Randjesfontein. Ngati ndi ntchito, funani The Manual of Horsemanship la Pony Club, muli za kupesa, kudyetsa ndi kukolokosola dothi m'ziboda. Koma dziwani ichi: hatchi siisanza. M'mimba mukamaipotokola imapalasa pansi, kucheukira mimba yake, kenako kugubuduka. Mukaona choncho thamangani mukaitane bwana, musadikire kuti kuche.

A Banda: Che Yusufu, mukumukankhira kumoto mwanayu.

Che Yusufu: Moto wake uti, bambo? Ana anga atatu akuphunzira ndi ndalama ya m'kholamo.

Mphwanga wa ku Kasungu: Nyuzi ya mipikisano ndi Computaform, imasonyeza mmene hatchi iliyonse yathamangira m'mbuyomu. Muwerengenso za S'manga Khumalo, wakuda woyamba kupambana mpikisano waukulu wa Durban July, mu 2013, atakwera hatchi yotchedwa Heavy Metal.

A Banda: Khumalo anaphunzira kusukulu ya okwera mahatchi ku Summerveld akadali mnyamata, ndipo amalipidwa pokwera! Uyu akagula Computaform, ya feteleza yapita. Admin, chotsani zimenezi.

Mayi a Tadala: Amuna anga hatchi inawamenya theche pa bondo, miyezi inayi ali gone, bwana osabwera n'komwe kudzawazonda. Ndinkawasambitsa ndekha m'bafa losweka. Musamaime kumbuyo kwa hatchi. Ndipo mlamuyo muthamangitseni.

Nachisale: Mayi, kuthamangitsa m'bale kuno kuchilendo? Akagone kuti?

Che Yusufu: Ndinaiwala. Muwerengenso pa intaneti za nthenda ya mahatchi yotchedwa African horse sickness. Imafala ndi tintchentche toluma madzulo, katemera wake timabaya pakati pa Juni ndi Okutobala. Ena amafunsa zimenezi polemba ntchito.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mabukuwo ndi ndalama zingati? Mlamu uja wabweranso ndi mnzake, akuti agona kuno sabata imodzi.

Nachisale: Achimwene, funso langa lija simunayankhebe.