Madokotala ndi manesi amene muli ku UK, ndithandizeni nzeru

Moni nonse akuluakulu. A Admin, chonde ndibisireni dzina.

Ndine dokotala, ndinaphunzira ku College of Medicine ku Blantyre, ndipo ndagwira pa chipatala cha boma zaka 7. Pano ndabwera ku Scotland kudzagwira ntchito kwa miyezi 6, mapepala a GMC (bungwe lopereka chilolezo kwa madokotala kuno) onse ali m'malo. Ine m'mutu munali Glasgow kapena Edinburgh, koma andiponya kumpoto kwenikweni, pa kachipatala kakumudzi, maola oposa awiri pa galimoto kuchokera ku Inverness. Nkhosa ndi mphepo basi. Lero ndakwanitsa masabata atatu.

Ntchito yeniyeniyo sikundiopsa. Munthu amene unachitapo maopaleshoni atatu usiku umodzi, magetsi akuthimathima, sunganjenjemere pano. Wodwala akafika potikanika timaimba foni, helikopita imadzamutenga.

Chandisowetsa mtendere ndi kayankhulidwe. Sabata yatha tinali ndi agogo aakazi a zaka 88, mtima unatopa, m'mapapo madzi okhaokha. Consultant (dokotala wamkulu) anandituma kuti ndikakambirane za DNACPR, kutanthauza kuti mtima ukaima tisawapope pachifuwa. Ine mwachizolowezi ndinakodola mwana wawo kuti tikayankhulire panja, monga timachitira ndi magadiyani kwathu. Nesi anandiimitsa pakhomo, mwaulemu ndithu, n'kundinong'oneza kuti kuno nkhani imayamba ndi mwiniwake, achibale amamva ngati iye walola. Ndinakoka mpando, kukhala pafupi ndi bedi, kukamwa kuli gwa. Ndinazungulira, kuzungulira, mpaka agogowo anandidula okha, akuti adokotala, mukufuna kunena kuti ndatsala pang'ono? Anaseka, kenako anapempha tiyi. Ine ndinatuluka thukuta lili kamukamu, kuzizira konseku.

Kwathu kuuza munthu wamkulu zimenezi pamaso kuli ngati kumuitanira maliro. Ndiye inu amene munazolowera, mumayamba ndi mawu ati? Ndikufuna chiganizo choyamba chenichenicho.

Zina ndi zing'onozing'ono. Consultant wa imvi, msinkhu wa bambo anga, akuti ndizimutchula dzina loyamba, lilime likukana. Chizungu cha agogo akuno ndimatolapo theka, ndipo ndatopa n'kunena kuti abwereze. Tauniyi ndi yaing'ono moti odwala anga ndimakumana nawo mu shopu, kodi ndiziwapatsa moni kapena ndiziyang'ana kumbali? Layisensi yanga ya galimoto ya ku Malawi ikugwira? Komanso ufa, abale. Ufa.

Nesi, Aberdeen: Adokotala, musayambe ndi kuwauza, yambani ndi kuwafunsa. Akumva bwanji za matenda awo, ndipo zinthu zikavuta akufuna chiyani. Ambiri anaganiza kale, ena anasankha ndi nyimbo za pamaliro zomwe. Afunseninso ngati akufuna mwana wawo akhalepo, apo ndiye mwalowetsa gadiyani wanu mwalamulo. Ndipo tchulani mawu akuti imfa. Mukaphiphiritsa amaona ngati mukuwabisira. Zonse mwakambiranazo lembani mu fayilo.

Dokotala mnzanu, Yorkshire: Achimwene, layisensiyo yendetserani, imaloledwa miyezi 12. Kungoti ya kwathu sasinthitsa ngati ya ku South Africa kapena Zimbabwe, mukadzakhalitsa ndi mayeso basi. Mbali ya msewu ndi yomweyo ya kumanzere, koma timisewu takumeneko tina n'tokwana galimoto imodzi, mumapatukirana. Ku shopu dikirani wodwalayo ayambe yekha moni, ndipo za matenda osazitchula. Chimene simunafunse ndi mdima. December kumeneko dzuwa limatuluka cha m'ma 9, ikamakwana 3:30 lalowa. Gulani vitamin D, kuno amalangiza kumwa kuyambira October mpaka March, ife akhungu lakuda chaka chonse.

Mayi wa Mvano, Glasgow: Mwanangu, Lamulungu pitani ku Church of Scotland. Mukangoti ndine wa ku Malawi, agogo amene aja akuuzani za Livingstone mpaka tiyi kuzizira, ndipo nkhomaliro simuphika. Ufa itanitsani pa intaneti, wa ku South Africa uja, umakoma ndithu ngakhale si wa pa chigayo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Asisita a ku Aberdeen, mawa m'mawa ndili ndi abambo ena a zaka 91, ndiyesa kuyamba ndi funso lija. Nanga akandiyankha kuti "inu adokotala mukuona bwanji", ndizitani?