Zolipidwa chifukwa choonera malonda pa foni, ndilowe kapena ndisiye?

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndimagulitsa kaunjika, ndiye masana makasitomala akazilala ndimangokhala ndi foni m'manja. Alamu anga andionetsa app ina, dzina ndisatchule, yomwe akuti umaonera timavidiyo ta malonda 20 pa tsiku, iwo n'kumakulembera ndalama. Pafoni pawo ndadzionera ndekha K86,000. Koma kuti uyambe uyenera kutumiza K25,000 ya "VIP 1" pa nambala ya munthu, ndipo ukabweretsa anzako atatu amakukweza. Nditafunsa ngati anatapako, akuti kamodzi, K9,000 mwezi watha, zinazo "zikubwera". Ndalama yomwe ndingaikepo ndi yoonjezera pa belo la mwezi wamawa. Kodi zoterezi zilipodi?

Bambo wa ku Zomba:
Mayi, zolipira munthu poonera malonda zilipo ndithu, koma sizikhala choncho. Pali browser (app yotsegulira masamba a pa intaneti) yotchedwa Brave, yomwe anayambitsa Brendan Eich, yemwe uja anapanga JavaScript, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta. Kuyambira 2019, ukavomera kuti azikuonetsa malonda, amakugawira 70 peresenti ya ndalama zomwe otsatsawo alipira pa malondawo. Taonani komwe ndalama ikuchokera: kwa mwini katundu yemwe akufuna maso anu. Inu simulipira kalikonse polowa. Ndiye funsani alamu anuwo kuti amene akutsatsa m'timavidiyomo ndi ndani. Ngati K25,000 yanu ndi yomwe ikulipira amene analowa dzana, amenewo si malonda, ndi chipereganyu chopanda mwini.

Wina wa ku Joni:
Ine Brave ndakhala nayo chaka. Zimabwera ndithu, koma zake zochepa, moti pa mwezi sungagulire ndi bandulo yomwe. Komanso sakupatsa makwacha, amakupatsa BAT, ndalama ya pa intaneti ya mtundu wa crypto, ndipo kuti uitape uyenera kutsegula akaunti ku kampani ngati Uphold, kutumiza chithunzi cha ID, ndipo si mayiko onse omwe amaloledwa. Musaiwalenso kuti Reserve Bank inanena kale kuti crypto si ndalama yovomerezeka kumudziko.

Mayi wa ku Area 25:
Achemwali, thawani! Ine ndinalowa ina yangati yomweyo chaka chatha. Sabata ziwiri zoyamba ankalipira bwinobwino, mpaka ndinakoka amayi awiri a kumpingo. Tsiku lomwe ndinkafuna kutapa zambiri anati ndiyambe ndalipira "msonkho". Ndinalipira. Kutacha app yosatseguka, gulu la pa WhatsApp admin watseka. Ndalama ndinaiwala, koma amayi aja mpaka lero moni wake ndi wa pakhosi.

Bambo wa ku Zomba:
Ngakhale zenizeni zimagwa. Ku America kunali AllAdvantage, inayamba 1999, inkalipira anthu pa ola lililonse lomwe akhala pa intaneti malonda ali pakompyuta. Pofika 2001 inali itatseka, otsatsa atachepa. Nanga iyi yopanda ndi ofesi yomwe?

Mwini funso:
Zikomo nonse, belo langa ndisaligwire. Koma vuto lina ndi ili: alamu anga andiwerengera kale pa anthu awo atatu aja, ndipo usiku uno akubwera kudzandilembetsa. Iwo anaikamo K75,000 ya ngongole ya banki m'khonde, achimwene anga sakudziwa. Ndiwauze ndani poyamba, iwo kapena achimwene?