Kodi dzuwa la kuno kozizira lingakalambitse khungu msanga?

Mayi wogulitsa ndiwo, Lizulu

Ndikupempha nzeru kwa amene akudziwa bwino za khungu. Ndili ndi zaka 38, ndipo kwa zaka 14 ndakhala ndikugulitsa kabichi, karoti ndi mbatatesi m'mbali mwa msewu wa M1 pa Lizulu, kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa litapendeka. Mwezi watha pa ukwati wa mwana wa achimwene anatijambula ine ndi akulu anga, amene amandiposa ndi zaka 6 koma amagwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe, ndipo nditayang'anitsitsa chithunzicho ndinaona kuti wooneka wamkulu ndine. M'masaya mwanga mwatuluka mawanga akuda, m'mbali mwa maso muli makwinya, kunja kwa manja kwakhakhala, pamene khungu la paphewa, limene limakhala m'kati mwa bulauzi, likadali losalala ngati kale.

Chimene chikundizunguza n'chakuti kuno n'kozizira. Mu June ndi July timavala majuzi awiriawiri, ndipo masiku ena nkhungu imakhalapo mpaka 9 koloko. Ndikanakhala kuti ndimagulitsira ku Golomoti kapena ku Bwanje kumene kumatentha, sindikanadabwa. Ndimadzola Vaseline ndi glycerine tsiku lililonse osaphonya. Mnzanga wina wandiuza kuti ndigule mafuta oyeretsa khungu kuti mawangawa achoke. Kodi wandichita zimenezi ndi dzuwa? Ndipo munthu wa ndalama zochepa ngati ine angadziteteze bwanji?

Namwino, Dedza

Mayi, yankho mwalipeza kale nokha pamene mwayerekeza khungu la paphewa ndi la kunja kwa manja. Onse awiri ali ndi zaka 38, koma lina lakhala pamthunzi ndipo lina lakhala padzuwa.

Chimene chimasocheretsa anthu ambiri kuno kumapiri n'kuganiza kuti kutentha ndiko kumawononga khungu. Chowononga ndi cheza cha dzuwa chimene chimatchedwa UV, ndipo chimenechi sichimveka pathupi ngakhale pang'ono. Chimawonjezeka munthu akamakwera kumtunda, pafupifupi magawo 10 pa 100 alionse pa mamita 1,000, chifukwa mpweya umene umachitchinga umachepa. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja zikuluzikulu, kotero kuti ife amene timazizidwa timalandira cheza chambiri kuposa anzathu a kuchigwa amene amatuluka thukuta. Kuwonjezera apo, munthu wa ku Mtakataka kukatentha amathawira pansi pa mtengo, pamene ife kamphepo kayaziyazi kamatinyenga n'kukhala pamtetete tsiku lonse, mwinanso kuothera dzuwa lenilenilo. Mitambo yopyapyala nayonso siteteza kwenikweni, chifukwa cheza chambiri chimadutsa.

Chezachi chikamalowa m'khungu chaka ndi chaka chimadula timinyewa timene timapangitsa khungu kukhala lolimba ndi lotamuka, ndiye makwinya amabwera nthawi yake isanakwane. Khungu lakuda lili ndi chitetezo chachibadwa chotchedwa melanin, n'chifukwa chake sitipsa msanga ngati azungu, koma chitetezocho sichokwanira, ndipo kwa ife chizindikiro choyamba kawirikawiri chimakhala mawanga ngati anuwo. Kwa amayi, mawanga a m'masaya amayambanso nthawi ya pakati kapena chifukwa cha mankhwala ena olera, kenaka dzuwa limawadetsa kwambiri. Musasiye kulera pa chifukwa chimenechi musanakambirane ndi achipatala.

Vaseline ndi glycerine zimathandiza kuti khungu lisaume ndi mphepo ya mwera, ndipo pitirizani kudzola, koma sizitchinga dzuwa. Chimene ndingakulangizeni choyamba, chomwenso sichidula, ndi mthunzi: ambulera yaikulu kapena kachisakasa pamalo anu ogulitsira, chipewa cha mlaza chotambalala chimene chimaphimba nkhope, makutu ndi khosi, komanso malaya a manja aatali a nsalu yothithikana. Duku amateteza mutu wokha, nkhope imakhala pamtunda. Samalani kwambiri kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, makamaka mukaona kuti chithunzithunzi chanu chafupika kuposa msinkhu wanu. Ngati mungakwanitse, gulani ku famase mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposerapo, muzidzola kumaso, m'khosi ndi kunja kwa manja kokha kuti botolo likhalitse, ndipo muzibwereza pakapita maola awiri kapena mukatuluka thukuta lambiri.

Chomaliza, chilonda chimene sichikupola kwa milungu ingapo, kapena banga limene likukula ndi kusintha mtundu, ngakhale litakhala kuphazi kapena pansi pa chikhadabo, mupite nalo kuchipatala mwamsanga.

Mayi wa ku Ntcheu boma

Achemwali, pa nkhani ya mafuta oyeretsa khunguyo ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musayerekeze. Ine ndinayamba chimodzimodzi, ndi mawanga awiri okha amene anatsala nditabereka mwana wachitatu. Ndinagula kachubu pamsika, ndipo miyezi iwiri yoyambirira nkhope inawala moti anthu ankandiyamikira kutchalitchi. Chaka chisanathe khungu linapyapyala mpaka timitsempha tofiira tinayamba kuonekera m'masaya, ndikangoima padzuwa pang'ono nkhope inkawotcha ngati ndapakidwa tsabola, ndipo nditayesa kusiya zinatuluka ziphuphu zambirimbiri. Mawanga aja anabwerera akuda kuposa poyamba, atafalikira mpaka m'mbali mwa makutu.

Adokotala amene anandiona anandifotokozera kuti ambiri mwa mafutawa amakhala ndi mankhwala otchedwa hydroquinone kapena mankhwala ena amphamvu a mtundu wa steroid, ndipo ena amakhala ndi mercury amene amawononga impso. Amachotsa melanin amene anamwino atchula pamwambapa, ndiye kuti munthu wa padzuwa ngati inu mungakhale mukuvula chishango chokhacho chimene muli nacho. Papita zaka zitatu chisiyireni, koma masaya anga sanabwererebe mwakale.

Bambo wa ku Bembeke

Ine ndine mlimi wa mbatatesi, ndipo za dzuwa ndinaziphunzira chifukwa cha mwana wanga wamkazi amene anabadwa ndi khungu la chialubino. Ali wakhanda amayi ake ankamubereka kumbuyo popita kumunda, poganiza kuti kunja kukuzizira palibe vuto, ndipo tsiku lina la mitambo mu July anabwera makutu ndi khosi zitafiira, m'mawa mwake n'kutuluka matuza. Kuchipatala anatiuza zonse zimene anamwino alembazi, anatiwonjezeranso kuti kwa ana ngati iyeyu ngozi yaikulu ndi khansa ya pakhungu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno munali anthu achialubino oposa 134,000, choncho nkhaniyi ikukhudza mabanja ambiri.

Kuyambira pamenepo mwanayu satuluka wopanda chipewa, malaya a manja aatali ndi mafuta a SPF 50, amene timakalandira kuchipatala akakhalapo. Tinapemphanso aphunzitsi kuti pa nthawi ya asembule aziima pamthunzi. Chimene sindinayembekezere n'chakuti inenso ndinasintha. Ndinasiya kulima ndili chifuwa pamtunda, ndinataya kapusi n'kugula chipewa chotambalala, ndipo tsopano ndimalawirira kumunda tambala atangolira kachiwiri kuti pofika 10 koloko ntchito yolemetsa ikhale itatha. Khosi langa, limene linkasupuka chaka chilichonse mu October, silisupukanso.

Mayi wogulitsa ndiwo, Lizulu

Zikomo kwambiri nonsenu, makamaka inu achemwali a ku Ntcheu chifukwa chosabisa zimene zinakuchitikirani. Ndalama imene ndinasunga kuti ndigulire mafuta oyeretsa aja ndagulira chipewa, ndipo bambo a kunyumba alonjeza kuti Loweruka adula nsungwi zomangira kachisakasa. Ndatsala ndi funso limodzi kwa anamwino: mwana wanga wamkazi wa zaka 12 amandithandiza kugulitsa sukulu akatsekera, kodi mafuta a SPF 30 omwewo angadzolenso iyeyo, kapena pali ena a ana?