Mwana wanga akukana pepala la studio, akuti anamva za Taylor Swift

Admin ndibiseni dzina. Moni nonse. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 17, amaimba kwaya kutchalitchi ndipo amapekanso nyimbo zake. Bambo wina wa studio wati amujambula nyimbo 10 ulere, koma pepala lake likunena kuti zojambulazo zidzakhala za studio mpaka kalekale. Ine ndinati tisaine basi, ndalama ya studio ndiitenga kuti? Mwana wakana kwamtuwagalu. Akuti Taylor Swift, woimba wa ku America, anasaina ndi kampani yojambula nyimbo ya Big Machine Records ku Nashville mu 2005 ali ndi zaka 15, anatulutsa ma alubamu 6, kenako mu 2019 kampaniyo inagulidwa ndi Scooter Braun, manijala wa oimba ena, nyimbo za Taylor zili momwemo. Ine Taylor ndimangomumvera pa foni ya mwanayu. Ndimuumirize kapena ndimusiye? Ndithandizeni maganizo.

— Mayi, mwanayo sakunama. Pali zinthu ziwiri: nyimbo yomwe munthu wapeka, ndi mawu omwe ajambulidwa mu studio, aja amati masters. Taylor amapeka yekha kapena mothandizana ndi ena, koma masters anali a kampani. Nchifukwa chake kuyambira 2021 anajambulanso ma alubamu 4 nkuwatcha Taylor's Version, kuti anthu azimvera akewo. Akale aja anachita kuwagula ndi ndalama zake mu May 2025. Kugula mawu ako omwe!

— Koma tisamanamizane apa. Bambo ake a Taylor ankagwira ku Merrill Lynch, kampani yaikulu ya zachuma, ndipo banja lonse linasamuka ku Pennsylvania kupita ku Tennessee iye ali ndi zaka 14, chifukwa cha kuimba kwake. Wanuyu akadzafuna kujambulanso alipira ndani? Ngati wa studioyo ndi yekhayo amene wabwera, musamuthamangitse.

— Kumuthamangitsa ayi, koma mawu oti "mpaka kalekale" achoke. Alembe zaka 3 kapena 5, zikatha zojambulazo zibwerere kwa mwana. Nyimbozo akalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, m'dzina lake asanalowe mu studio, ndipo pepalalo aliwerenge loya. Paja ndi wa 17, wosainayo ndinu mayi.

— Zikomo nonse. Ndawaimbira bambo aja za zaka 5, angoti "tiona" nkudula foni. Ndiyimbenso mawa kapena ndidikire ayambe okha?